Sabata imodzi ndi chikwama cha malume

Lachitatu

Ndafika bwino ku Lilongwe. Ndikulemba ndili pakhonde pa malume ku Area 25, ndipo ngakhale kwada, simenti ya pakhondepa ikadali yofunda ngati dzuwa langolowa kumene. Okutobala wa kuno sasewera.

Ndinadzuka kusanache kwathu ku Bangwe, ndipo basi inanyamuka pa Wenela dzuwa litangotuluka. Ulendo wodzera pa Zalewa ndi wa makilomita opitirira pang'ono 300, koma chifukwa choima pa zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, komanso kutsitsa ndi kukweza anthu m'njira, tafika masana ndithu. Pa Lizulu, pamene msewu umenewu ndiwo malire a dziko lathu ndi Mozambique, amayi anathamangira basi atasenza mabeseni a mbatatesi ndi kabichi. Ine ndinatulutsa kamera n'kuyamba kujambula pawindo. Mayi wina atandiona anaphimba nkhope ndi chitenje. Basi inanyamuka ndisanapeze mawu omuuza, ndipo mpaka pano mayi uja sakundichoka m'maso.

Ndabwera ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi yanga. Chaka chatha ndinagula kamera ya Canon kwa mnzanga wina, ndipo ndakhala ndikujambula maphwando a ana ndi zinkhoswe za m'dera lathu. Zithunzi zanga zimaoneka bwinobwino, anthu amalipira, koma ndikaziyang'ana ndekha usiku sizindigwira mtima. Aliyense amangoima chilili, manja m'mbali, akudikira kuti ndimalize. Malume akhala akudya za kamera zaka zoposa 30, choncho ndinawapempha kuti ndidzawanyamulire chikwama sabata imodzi.

Yachiwiri ndi ya amayi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, khoma la kuchipinda kwawo linagwa ndipo madzi analowa mu sutikesi imene munali alubamu ya banja lathu. Zithunzi zonse zinamatirirana, mitundu n'kusungunuka. Mmenemo munali chithunzi chimodzi chokha cha agogo aakazi, amene anamwalira ine ndili wakhanda. Anawajambula ndi malume omwewa kumudzi kwathu ku Mitundu. Ndikutsanzika m'mawa uno amayi sananene zambiri. Anangoti, "Ukawafunse malume ako ngati kanthu kaja kakadalipo."

Malume anadzandichingamira ku depoti. Titapatsana moni anayang'ana kamera imene inali lende pakhosi panga, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mphwanga, iike m'chikwama imeneyo. Ndidzakuuza tsiku loitulutsa." Za amayi ndawauza tikudya. Anakhala chete kanthawi, kenako anati negetivi, tizidutswa ta filimu yotsukidwa timene zithunzi zimachokerapo, sadatayepo ndi imodzi yomwe, koma kuipeza ndi ntchito ina.

Lachinayi

Situdiyo ya malume ili ku Old Town, m'kanjira kopatuka mu msewu wa Malangalanga. Kuchoka ku 25 tinakwera minibasi, tinadutsa pa msewu wam'mwamba wa pa Area 18, n'kutsikira ku depoti. Mlendo asadalire manambala a madera a kuno, chifukwa sayenda motsatana: Area 18 yayandikana ndi 47, pamene 25 ili kutali cha ku Kanengo. Likulu la dziko linasamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo City Centre anaimanga payokha, motalikirana ndi tauni yakale. Koma anthu, malonda ndi phokoso zinatsalira ku Old Town, ndipo n'chifukwa chake malume safuna kusamukako.

Kachipindako n'kakang'ono. Muli nsalu yotuwa yolendewera pakhoma, mpando umodzi wopanda choyedzamira, nyali ziwiri zokhala ndi maambulera, pulintala, ndi kalilole amene pansi pake pali chipeso ndi botolo la Vaseline. Mtsikana wina analowa akufuna tizithunzi ta pasipoti toti akamate pa kalata yofunsira ntchito. Ntchito imeneyi ine ndikanaimaliza m'mphindi ziwiri. Malume anayamba ndi kumufunsa kwawo. Atamva kuti ndi ku Nkhoma, anamufunsa ngati phiri lija analikwerapo. Anamuuza kuti akonze kolala pa kalilole, n'kumufunsanso za ntchito imene akufunayo. Mapewa a mtsikana uja, amene anali atakwera mpaka m'makutu, anatsika okha. Pamenepo m'pamene kamera inalira, kawiri kokha.

Masana kunalibe anthu, ndiye anatsitsa makatoni pamwamba pa kabati. Muli zitini za mabisiketi ndi makatoni a nsapato, zodzaza maenivelopu a khaki. Pa enivelopu iliyonse analemba chaka ndi malo ndi bolopeni: Kawale, Biwi, Mchesi, Chinsapo, Likuni. Ena zolembazo zinafufutika.

Malume akuti adayamba mu 1992 ndi kamera ya Yashica ndi njinga yakapalasa. Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi, akadali m'zovala zabwino, iwo ankazungulira m'makwalala akuliza belu. Munthu ankapereka theka la ndalama, theka linalo zithunzi zikabwera. Wina ankajambulitsa atanyamula wayilesi, wina atagwira njinga yatsopano, wina atakhala pa boneti ya galimoto ya eni. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 36, ndipo sankaona chimene ajambula kufikira ataitsukitsa. Ikapsa, ankabwerera khomo ndi khomo kukapepesa ndi kujambulanso mwaulere. "Chala changa chidaphunzira ulesi nthawi imeneyo," anatero, "chifukwa kudina kulikonse kudali ndalama yanga."

Inalinso nthawi imene chithunzi cha Kamuzu chinkakhomedwa m'sitolo ndi mu ofesi iliyonse, popanda china chochiposa m'mwamba. Munthu wa kamera ankayenda mosamala, osailoza pamalo a boma mwachisawawa. Itachitika riferendamu ya pa 14 Juni 1993, akuti mpamene adayamba kuyenda nayo poyera mtima uli m'malo.

Kuona negetivi kumafuna kuzolowera. Umaikweza pawindo, ndipo zonse zimakhala zotembenuka: nkhope zathu zimaoneka zoyera, mano ndi malaya oyera zimaoneka zakuda, zonsezo pa kapulasitiki kofiirira. Tinatsegula maenivelopu onse olembedwa Mitundu amene tinawapeza, asanu ndi anayi. Tinaonamo ukwati, ubatizo, gulu la mpira, ngolo ya ng'ombe. Agogo munalibe. Ena mwa manegetiviwo achita chuku m'mbali, ndipo ndinaona kuti malume zikuwapweteka.

Ndinawafunsa chifukwa chake akusunga zonsezi pamene eni ake analandira kale zithunzi zawo. Anati anthu amakumbukira wojambula maliro akachitika. Amabwera pakhomo pano atagwira chipewa m'manja, n'kufunsa ngati bambo awo anajambulidwapo.

Lachisanu

Lero tayenda wapansi mpaka miyendo kuwawa.

Lachisanu lililonse m'mawa malume satsegula situdiyo msanga. Amatenga kamera yokhala ndi lenzi imodzi ya 50mm ndi jumbo ya maenivelopu, n'kutsikira kumtsinje wa Lilongwe, kumene kuli msika wa Tsoka ndi wa Lizulu. Mtsinjewu umachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, ndipo mwezi uno waphwa kwambiri, miyala ili pamtunda. Pakati pa misika iwiriyi pali timilatho ta mitengo ndi matabwa timene anthu anamanga okha, ndipo powoloka umalipira kangachepe kwa mwini wake. Thabwa limagwedera ukaponda. Madzi akasefukira m'dzinja ena amakokoloka, eni ake n'kumanganso.

Sitinayende mamita khumi osaima. "Bambo a zithunzi, mwatitaya!" Wa zovala za kaunjika, wosoka nsapato, mnyamata wa wilibala, onse akuwadziwa. Malume amafunsa za mwana amene ankadwala, za mayeso a Fomu 4, za mtengo wa feteleza. Ola lathunthu linatha kamera ili chilendewere paphewa. Ndinayamba kutekeseka poona kuti kuwala kofewa kwa m'mawa kukutithawa.

Tinafika pa benchi ya mayi wina wachikulire wogulitsa tomato.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, kaya inu bambo? Nanga uyu ndi ndani?"

"Mphwanga uyu, mwana wa mlongo wanga wa ku Blantyre."

Malume anatulutsa enivelopu. Mayi aja anayamba apukuta manja pa chitenje, kuseri ndi kuseri, kenako analandira ndi manja awiri. Chinali chithunzi chawo cha mwezi watha, akuthira madzi pa milu ya tomato. Anachiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako anapisa dzanja pansi pa benchi n'kutulutsa Baibulo lokutidwa ndi pulasitiki, ndipo mkati mwake munali zithunzi zina zinayi. Choyambacho ali pansi, tomato atamuyala pa thumba, pakamwa atavala masiki. Anandionetsa chimenecho n'kuloza benchi imene ali nayo lero. "Mwanawe, malume akowa saba nkhope za anthu. Amabweza."

Mawu amenewa anandikumbutsa mayi wa pa Lizulu pa ulendo wanga uja, ndipo ndinachita manyazi.

Ntchito imeneyi idayamba mu 2020. Matenda a Covid atafika, boma n'kuletsa misonkhano ya anthu ambiri, maukwati ambiri anaimitsidwa ndipo malume anakhala miyezi foni osalira. Akuti pofuna kuti mutu usaime, adayamba kutsikira kumsika ndi kamera. Poyamba anthu ankawathamangitsa poganiza kuti akukagulitsa zithunzizo kwa azungu. Ndiye adaganiza zoti aliyense amene wavomera kujambulidwa azimubweretsera chithunzi chake cha papepala, kwaulere. Ndalama ya pepala ndi inki imachokera ku maukwati. Palibe amene amawalipira pa ntchito ya Lachisanuyi, koma ndi imene ikawalowa m'kamwa salekeza.

Tisanachoke anandikodola. "Itulutse tsopano. Koma upemphe wekha."

Ndinapempha, mawu akunjenjemera. Mayi aja anati ndidikire kaye. Anamasula duku n'kulimanganso, anakonza bulauzi, n'kukhala mowongoka, nkhope ili gwa. Ndinayang'ana malume, chifukwa chithunzi choterechi ndi chimene ndathawa ku Bangwe. Iwo anangogwedeza mutu kuti jambula. Ndinajambula. Kenako anandinong'oneza kuti, "Chimenecho ndi chawo, ndi mmene akufunira kuti adzukulu adzawaone. Usachinyoze. Tsopano ima pomwepo, usachoke." Patapita mphindi zingapo kunabwera kasitomala, anatsutsana mtengo, ndipo pomaliza mayi aja anatola tomato mmodzi wa basela n'kumuponya mu jumbo akuseka mutu uli chagada. Chala changa chinadina chokha.

Loweruka

Tatuluka m'nyumba 5 koloko m'mawa, tabwera 10 koloko usiku. Ndatopa, koma ndikagona osalemba ndiiwala.

Dzulo usiku tinatchaja mabatire onse asanu ndi limodzi, n'kupukuta malenzi. Malume amagwiritsa ntchito kamera yolowa makhadi awiri, kuti chithunzi chilichonse chizisungika pawiri. Akuti ukwati subwerezedwa, ndipo khadi likafa palibe mawu amene ungakauze banja la eni.

Tinayambira ku Area 18, kunyumba kumene mkwatibwi ankavalira. M'nyumba munali piringupiringu: wodzola nkhope, anamwali operekeza, ana akulira, azakhali akufunafuna nsapato. Malume anapereka moni kwa akuluakulu onse mmodzimmodzi, anafunsa kuti ankhoswe ndi ati, ndipo anapempha mtsikana wina wapabanjapo kuti awalozere agogo, amalume ndi alongo a mbali zonse ziwiri. Akuti wojambula amene sadziwa kuti ndani ndi ndani amabwera ndi zithunzi zokongola za alendo, n'kusiya gogo amene analera mkwatibwi. Anazimitsa nyali ya m'chipinda, anakhazika mkwatibwi pafupi ndi windo, ndipo kuwala kwa m'mawa kunatsetsereka pa tsaya lake bwinobwino.

Kutchalitchi anayamba akaonana ndi abusa kufunsa pamene angaime ndi pamene sangaime. Fulashi sanayatse mpaka mapemphero kutha. Vuto la masiku ano ndi mafoni. Nthawi yovekana mphete itakwana, anthu anayi anaimirira m'kanjira ka pakati mafoni ali m'mwamba, ndipo ine amene anandiika kumbuyo ndinangojambula misana yawo. Mphete ndinaiphonya. Malume anali atasuntha kale pa nyimbo yapitayo n'kukagwada pambali pa kwaya, chifukwa ankadziwa chimene chikubwera. Sanandikalipire. Anangoti pa ukwati uziyenda patsogolo pa mwambo, osati pambuyo pake.

Zithunzi za akwati tinakajambulira ku Botanic Garden, kufupi ndi Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010. Tinafikako dzuwa lili paliwombo, nthawi yoipitsitsa kwa wojambula, komanso ndi nthawi yokhayo imene pulogalamu ya ukwati imapereka. Dzuwa lotere limachititsa mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa mphuno, thukuta n'kumanyezimira pamphumi. Tinapezanso maukwati ena awiri akulimbirana malo a pa kapinga. Malume anawasiyira kapingayo, n'kutengera anthu athu pansi pa mtengo waukulu. Ine anandigwiritsa chozungulira chonyezimira chija chobwezera kuwala, kuti ndizikuponyera kunkhope kuchokera m'munsi.

Apa m'pamene ndaphunzira chinthu chimene chakhala chikundisautsa chaka chonse. Kamera ikaona diresi loyera lodzaza chithunzi, imaganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa kuwala. Diresi limatuluka bwino, koma nkhope ya mkwatibwi imada mpaka osaoneka maso. Ukawonjezera kuwala mosasamala, nkhope imaoneka koma diresi limangosanduka chigamba choyera chopanda ulusi. Malume salola kamera kuwaganizira. Amatchera okha potengera khungu la munthu, amasunga zithunzi mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona, kuti diresi adzalibweze pa kompyuta, ndipo amafuna mthunzi. Anandiuzanso kuti vutoli ndi lakale: makina otsukira zithunzi za Kodak ankawatchera potengera khadi lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Wojambula wa kuno ankayenera kudziphunzitsa yekha kuona khungu la anthu akwawo.

Ku holo kunali perekaniperekani maola atatu. Woyendetsa mwambo akuitana akuchimuna, akuchikazi, anzawo a kuntchito, a mpingo, oyandikana nawo nyumba, ndipo gulu lililonse likubwera likuvina, ndalama zikuuluka, atsikana akutolera m'malichero kupititsa kwa owerengera. Gulu lililonse limafuna kudzadziona, choncho palibe kukhala pansi. Pakhomo pa holo panali anyamata atatu amene anajambula alendo polowa, n'kuthamangira kukatsukitsa, ndipo pofika madzulo anali atayala zithunzizo pansi kuti aliyense agule chake. Ndinaganiza kuti malume awaona ngati olanda msika. Iwo anapita kukawapatsa moni, ndipo mmodzi batire itamuthera anamubwereka yawo. "Njinga yanga ija ndi imeneyi," anandiuza.

Chithunzi chimene sindidzachiiwala sichinali pa pulogalamu. Anthu onse maso ali pa keke, malume anatembenuka n'kuloza kamera kumapeto kwa mzere woyamba. Mayi a mkwatibwi anali atavula nsapato, mapazi otupa ali pa simenti, manja awiri atafumbata kachikwama kamene munatha ndalama zonse, akuyang'ana mwana wawo milomo ikunjenjemera. Anadina kamodzi, n'kubwerera ku keke.

Pa khadi langa pali zithunzi 1,140. Pa la malume pali 420.

Lamulungu

Tinapita ku mapemphero a m'mawa, kenako tsiku lonse pa laputopu. Anthu amaganiza kuti wojambula amagwira ntchito Loweruka lokha. Kusankha ndi kukonza zithunzi za ukwati umodzi mu pulogalamu ya pakompyuta ya Lightroom kumawatengera malume masiku angapo, ndipo lero magetsi anazima maola atatu tili pakati.

Asanakhudze chilichonse anakopera zonse pa mahadi dilaivu awiri. Imodzi imakhala kunyumba, inayo ku situdiyo.

Madzulo kunabwera uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa mmodzi wa operekeza mkwatibwi: "Ankolo, mundiyeretseko pang'ono." Malume anapumira m'mwamba. Akuti pempho limeneli limabwera pafupifupi ukwati uliwonse. Chiphuphu chimene chatuluka dzulo amachotsa, thukuta amapukuta, koma khungu sasintha. Anamutumizira chithunzi chake cha pansi pa mtengo paja, khungu lake lakuda likuwala ngati mtondo wopaka mafuta, n'kulemba kuti, "Mwanangu, taona kaye ichi." Sanayankhe mpaka pano. Ine ndakhala ndikuyeretsa anthu ku Bangwe popanda ngakhale kupemphedwa, poganiza kuti ndikuwakomera mtima. Lero ndaona kuti ndinkawauza kuti mmene alili sizikukwanira.

Tikudya nsima ya usipa ndi chisoso, akazi awo a malume ndi amene anatsegula nkhani ya ndalama, chifukwa buku la ngongole amasunga ndi iwo. Chilichonse cha ntchitoyi chimachokera kunja: kamera, lenzi, batire, inki, pepala. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonsezi inakwera, koma mwini ukwati amafunabe mtengo wakale, n'kunena kuti mphwake ali ndi foni yabwino. M'bukumo muli maukwati amene ana anabadwa kale koma ndalama yotsala sinabwere. N'chifukwa chake masiku ano satulutsa kamera popanda theka kulowa pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo alubamu imachoka m'nyumba muno zonse zikatha.

Tisanagone tinatsegula katoni ina ya manegetivi imene tinabwera nayo. Palibe.

Lolemba

Tinadzuka m'bandakucha kupita ku chipilala cha ku Area 18, chokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo zikuluzikulu, chimene patsogolo pake pali chiboliboli cha Kamuzu. Mwezi uno kumwamba kumakhala utsi wa moto wa tchire ndi fumbi, moti dzuwa limatuluka lofiira ngati chikasu cha dzira, ndipo ukhoza kuliyang'ana osaphethira. Anthu anali atayamba kale kuyenda: alonda akuweruka, amayi a mandasi, akabaza, njinga zosenza matumba a makala milu yaitali kuposa wopalasayo. Malume anaima malo amodzi mphindi makumi awiri akudikira kuti njinga ya makala idutsane ndi dzuwa.

Pobwerera tinadzera msewu wa Kenyatta, umene anaukuza kukhala wa mizere isanu ndi umodzi. Ntchitoyi itayamba mu 2021 mitengo yambiri ya m'mbali mwa msewu inagwetsedwa, ndipo anthu anadandaula kwambiri. Malume anandionetsa pa foni zithunzi zimene anajambula pamalo omwewo mitengo ikadalipo, anthu akuyenda mumthunzi. Sanajambule ndi cholinga chilichonse, anangoikonda. Tsopano mwana wobadwa lero adzaidziwira pamenepo. Ndikuganiza kuti zithunzi zoterezi, pamodzi ndi makatoni a ku situdiyo aja, siziyenera kuthera pamwamba pa kabati pamene chuku chikuzidya. Ndi mbiri ya mzinda uno, ya anthu amene mayina awo sadzalembedwa pa chipilala chilichonse.

Tikumwa tiyi ku situdiyo anandiuza chimene chinawapweteka kwambiri pa ntchitoyi. Zaka zingapo zapitazo anaika pa Facebook chithunzi cha mtsikana wa kumsika kuja atabereka mng'ono wake. Patapita miyezi anachipeza pachikuto cha lipoti la bungwe lina, dzina lawo atalidula, pansi atalemba mawu onena za ana ovutika. Mtsikanayo sanali wovutika, anali pa holide akuthandiza mayi ake. Malume akuti ndalama imene sanalandire sinawawawe ngati ulendo wopita kwa mayi a mwanayo kukafotokoza. Lamulo la za umwini wa ntchito zaluso la 2016 limatetezanso zithunzi, ndipo kuli bungwe la COSOMA loona za nkhani zotere, koma wojambula amayenera kuyamba wadziteteza yekha. Chichokereni apo, ntchito iliyonse ya bungwe kapena kampani amalemberana pepala lonena kumene chithunzi chikagwiritsidwe ntchito ndi nthawi yake. Za kumsika saikanso pa intaneti mwini wake asanavomere.

Masana kunali anthu ambiri olembetsa za Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, pamene mabanja amabwera ndi amayi awo atavala nsalu yofanana. Ndinathandiza kulemba mayina m'buku.

Anthu atatha, malume anakhala phee akuyang'ana khoma. Kenako anamenya ntchafu. "Tikulakwitsa. Tsiku lija sindidapitire zithunzi kumudzi. Ndidachokera ku ubatizo ku Likuni, filimu idatsala pang'ono, ndiye ndidakaimalizira kwa mayi." Tinatsitsa chitini cha Likuni. Enivelopu yachitatu, yolembedwa 1996. Ana ovala zoyera, ana ovala zoyera, wansembe, gulu la makolo. Kumapeto kwenikweni, pa nambala 35 ndi 36, panali munthu atakhala pa mphasa pafupi ndi nkhokwe.

Malume anaikweza pawindo nthawi yaitali, dzanja likunjenjemera. Sanandipatse msanga.

Lachiwiri

Ndikulemba ndili m'basi, tadutsa kumene pa Nathenje.

Usiku tinaika negetivi ija pamwamba pa foni yoyatsa poyera, tinaipanikiza ndi kagalasi, n'kuijambula ndi kamera itakhazikika pa miyendo yake. Pa laputopu malume anatembenuza mitundu, ndipo pang'onopang'ono kufiirira kuja kunachoka. Nambala 36 chuku chinaidya pakati. Nambala 35 ndi yabwino, kupatula kakona kamodzi. Agogo akhala pa mphasa miyendo atatambasula, lichero lili pamiyendo, akusankha nyemba. Sakuyang'ana kamera. Akuyang'ana pambali pang'ono, kukamwa kuli kotsegula ngati akuyankha munthu amene wawaitana. Mphumi yawo ndi ya amayi ndendende.

M'mawa tinasindikiza ziwiri zazikulu, china cha malume, china cha amayi. Ndinasindikizanso ziwiri zanga za mayi wa tomato uja, chokhala mowongoka ndi cha basela, ndipo tisanapite ku depoti ndinawoloka kamlatho ka matabwa kukawapatsa ndekha. Anapukuta manja, analandira, ndipo anayang'ana nthawi yaitali chokhala mowongokacho. Cha basela anaseka n'kuitana mnzawo wa anyezi kuti adzaone. Zonse ziwiri zinalowa m'Baibulo. Anandiikira tomato asanu mu jumbo, ndipo ndalama anakana.

Ku depoti malume anandipatsa enivelopu ya agogo ataiika pakati pa makatoni awiri n'kumanga ndi labala. "Usaiike m'chikwama cha pansi. Ukafika usawapatsire panjira, uyambe wawakhazika pansi mlongo wangayo."

Ili pamiyendo panga. Amayi aimba kawiri kufunsa ngati ndakwera, ndipo sindinawauze kanthu. Kondakitala akuti pa Lizulu tiima mphindi khumi, ndiye nditsika ndikagule mbatatesi, mwina ndikamupeza mayi uja.